Malata Ali Kuseri kwa Nyumba

Linali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Malichi, belu la 10 koloko litangolira kusukulu. Nthawiyo ndikuidziwa bwino chifukwa belulo limamveka mpaka kumunda kwathu mphepo ikamachokera ku Michesi, ndipo ine ndinali m'nandolo ndikuzula udzu. Nditaweramuka ndinaona a Laitoni, amuna anga, akubwera m'kanjira akukankha njinga. Pakaliyala anali atamangapo bokosi lawo la zipangizo. Bokosi limenelo linkabwera kunyumba Lachisanu madzulo basi, n'kubwerera Lolemba m'mawa. Zinali choncho kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

"Mwadwala?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Nanga bokosilo Lachiwiri?"

"Andichotsa ntchito, amake Joyisi. Akuti ndine wakuba."

Ananena mofatsa, ngati akundiuza kuti mbuzi zalowa m'munda wa eni. Kenaka anapitirira ndi njinga yawo, ine n'kutsala ndi udzu m'manja.

A Laitoni amwalira mwezi wathawu, patapita zaka zisanu ndi ziwiri chichitikire zimenezi. Pamaliro, mphwawo amene anawerenga mbiri yawo anati anagwira ntchito ya ukalipentala pasukulu yogonera konko ya mpingo wathu mpaka anapuma. Sanapume. Mphwawoyo ankafuna kuwasungira ulemu, koma eni akewo akanadzuka akanamudula mawu pomwepo. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma kulemba ndimatha, ndiye ndati ndilembe monga zinakhalira.

Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo pensulo sinkachoka pakhutu pawo ngakhale m'tchalitchi. Akaona msomali wopindika panjira ankatola, kudzauwongola pamwala, n'kuuponya m'chitini. Chitseko akachikhoma ankachitseka ndi kachala kakang'ono, chikakana ankachichotsa n'kuyambiranso, ngakhale mwini nyumba atanena kuti chili bwino. Ankati mwini nyumba aiwala amene anam'gulitsa thabwa, koma saiwala amene anam'khomera chitseko, chifukwa amachigwira m'mawa uliwonse.

Kukangana tinkakangana. Tsiku lina ndinatenga tchizulo chawo kukaswera makaka, ndipo sanandilankhule mpaka nkhuku zitalowa. Ndi achimwene anga, amene ndi mwini mbumba kwathu kuno, anakangana zaka zambiri chifukwa cha mtengo wa mango uli pabwalo. Achimwene ankafuna kuudula kuti awotchere njerwa, iwo anali ataikapo kale benchi lawo logwirira ntchito pansi pake. Achimwene akawakumbutsa kuti iwo ndi mkamwini, ankavomera. Ankati n'zoona, munda ndi wa akazi awo, nyumba ili pamalo a akazi awo, ana ndi a kuchikazi, ndipo iwo m'mudzi muno anabwera ndi zinthu ziwiri zokha, manja ndi dzina. Koma mthunzi, ankatero, abwereka. Mtengowo ulipo mpaka lero.

Chinthu china chimene aliyense ankawadziwa nacho ndi mawu akuti pepani. Sankachoka pakamwa pawo. Mwana akapunthwa, pepani. Mayi akataya madzi pochokera kumjigo, pepani, ngakhale iwo ali patali. Munthu akawauza kuti mpunga wake wamira kuchigwa, ankavula chipewa n'kunena pepani kawiri katatu. Hamala ikaphonya msomali n'kumenya thabwa, ankalipepesa thabwalo. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina adzapepesa mvula chifukwa chogwa pansi. Iwo ankati kwawo, kuseri kwa Fort Lister, anawalera choncho: munthu akaona tsoka, usayambe n'kufunsa kuti zakhala bwanji, yamba wamugawana nalo.

Nkhani ya malata inayamba ndi ine. Nyumba yathu ndi ya njerwa zootcha, koma denga linali la udzu, ndipo chaka chilichonse mvula inkatipeza pamphasa. Ndinkawanena. Ndinkati kalipentala wofolera nyumba za aphunzitsi ndi malata, mkazi wake akutchera mabeseni m'chipinda. Ndinanena zimenezi kwa zaka, nthawi zina pamaso pa alendo.

Ndiye a Gomesi, mnzawo wapaubwana amene ankamanga golosale ku Chiringa, anawapempha kuti awapangire zitseko, mawindo ndi mashelefu. A Laitoni anagwira ntchito imeneyo Loweruka lililonse kwa miyezi ingapo, ndipo malipiro ake anali malata khumi ndi awiri. Lisiti panalibe. Anthu awiri amene anavinidwa limodzi sapatsana lisiti. Malatawo anabwera pangolo masana, mudzi wonse ukuona, ndipo mu Febuluwale mbali yogona ya nyumba yathu inali ikuwala. Ndinaitana anzanga kudzamvera mvula ikugwa padenga.

Patapita milungu itatu, kusukulu kunasowa malata makumi awiri amene ankasungira kufolera chipinda chatsopano cha atsikana. Makiyi a nyumba yosungira katunduyo anali atatu. Imodzi inali ndi ahedi, ina ndi wosunga katundu, yachitatu ndi a Laitoni chifukwa matabwa awo ankakhala momwemo.

Zimene zinachitika mu ofesi Lolemba lake anandifotokozera kambirimbiri, mawu ake osasintha. Anawaitana akukonza desiki, utuchi uli m'malaya, osawauza kuti akukawafunsa mlandu. Munali ahedi, munthu wochokera boma lina amene anali atangotha zaka ziwiri pasukulupo, wamsinkhu wa mwana wathu Joyisi. Munalinso bambo wina wa komiti ndi mayi wolemba. A Laitoni anavula chipewa, anakana mpando, n'kunjuta pafupi ndi chitseko maso ali pansi, monga ankachitira pamaso pa aliyense wa udindo.

"Madala, malata makumi awiri asowa," anatero ahedi.

"Pepani, bwana."

"Mwati chiyani?"

"Ndati pepani, bwana. Katundu wambiri ameneyo. Pepani ndithu."

Mayi uja analemba.

"Tamva kuti kunyumba kwanu kuli malata atsopano."

"Alipo, bwana."

"Lisiti lake?"

"Palibe, koma a Gomesi a ku Chiringa..."

"Tamva, madala. Sainani apa."

Anasaina, poganiza kuti akusonyeza kuti anafika pamene anaitanidwa. M'mawa mwake anawapatsa kalata ya Chingerezi ndi kuwalanda kiyi.

Kalatayo inakhala m'Baibulo mpaka kumapeto kwa mwezi, pamene Joyisi anabwera kuchokera ku Limbe kumene amasoka pafakitale. Anaiwerenga ali chiimire pakhonde, kenaka anakhala pansi.

"Ababa, apa alemba kuti munavomera mlandu ndipo munapepesa katatu."

"Kupepesa ndinapepesa. Anthu katundu wawasowa."

"Si pepani ameneyo, ababa. Mawu alemba apawa ndi onena munthu wolakwa yekha. Ndiponso akuti munkalephera kuwayang'ana kumaso."

A Laitoni anachotsa pensulo pakhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezera.

Joyisi anali atamva zina kubungwe la antchito kumene amagwirako. Anati lamulo sililola kuti munthu achotsedwe chonchi. Amayenera kumuuza mlandu wake bwinobwino, kum'patsa mpata woyankha, kumva mboni zake, ndipo amene akuchotsa munthu ndiye ayenera kuonetsa umboni, osati wochotsedwayo kuonetsa kuti sanabe. Anati apite ku Leba, ofesi yoona za antchito kuboma, msangamsanga, chifukwa nkhani zotere zili ndi nthawi yake. Iye anabwerera ku Limbe atasiya zonse atazilemba papepala.

Amene ndinawaletsa ndine. Ndilembe poyera. Ndinkaopa kuti popeza lisiti palibe, sukulu ikapsa mtima iitana apolisi. Ndinkaopa kukhala m'tchalitchi ndi anthu amene tawasumira. Achimwene nawonso anati mkamwini asabweretse milandu ya boma m'mudzi wa eni. Ndinkawauza kuti akusiyani osakumangitsani, mukufunanso chiyani? Iwo ankangoti akufuna dzina lawo.

M'mawa wa tsiku limene anakonza zopita, anavala malaya awo oyera n'kukhala pakhonde akumanga zingwe za nsapato. Ine ndinaima pakhomo. Sindidziwa chimene chinandilowa. Mwina anali mawu a amayi a kumjigo, amene ankasiya kulankhula ndikafika. Ndinati:

"Abambo a Joyisi, ndiuzeni ine ndekha, sindiuza munthu. Malatawa..."

Sindinamalize. Iwo anasiya chingwe chija. Anayang'ana ine, kenaka anayang'ana denga. Anavula nsapato, anavula malaya oyera n'kuwapinda bwinobwino, anakatenga makwerero ndi hamala.

Anayamba kuzula misomali umodziumodzi, osaupinda, n'kumaika m'thumba. Ine ndinalira pansi pa makwerero. Ndinati sindinatanthauze zimenezo, ndinati mvula sinathe, ndinati anthu akuona. Achimwene anabwera n'kufunsa ngati alamu awo apenga. A Laitoni anapitiriza kuzula mpaka lata lomaliza litatsika. Anawasanja kuseri kwa nyumba pamwamba pa njerwa, anaikapo miyala, ndipo pamenepo m'pamene analankhula.

"Sindingagone pansi pa chinthu chimene mkazi wanga akuchikayikira. Akhale apa mpaka wina adzabwere kudzawagwira."

Kenaka anandigwira dzanja n'kundikhudzitsa ngodya ya lata limodzi. Inapindika m'zala zanga. Analigogoda ndi chikhadabo, linalira mokweza ngati chitini. Anati malata a sukulu anali a geji 28, okhuthala, olira pansipansi, ndipo anawatsitsa okha m'galimoto tsiku limene anabwera. Awa ndi a geji 32, otchipa, amene timagula ife osauka. Anati ngakhale wakhungu angasiyanitse. Chofunika n'chakuti munthu abwere adzagwire basi.

Tsiku limenelo ku Leba sanapite. Denga analifolera ndi pepala la pulasitiki ndi udzu wakale wopempha.

Sabata yotsatira anamanga lata limodzi panjinga n'kupita nalo kusukulu, a Gomesi ali pambuyo wapansi. Mlonda wa pageti, amene ankadya naye chinangwa limodzi kwa zaka zambiri, anawauza maso ali kumbali kuti walamulidwa asawalowetse. Anadikira panja mpaka dzuwa linafika pamutu. Ahedi atatulukira, a Laitoni anavula chipewa n'kuwapempha kuti angogwira latalo.

"Nkhani inatha, madala."

A Gomesi anali munthu wa pakamwa. Anakuwa mpaka ana anasuzumira m'mawindo.

"Inatha bwanji ine sindinalankhule? Malatawo ndinawapatsa ndine! Ndinam'gwiritsa ntchito miyezi inayi n'kumulipira zopyapyala ngati pepala lopichirira fodya. Ngati mukufuna wakuba, ahedi, ndi ine ndaima pano!"

Ana anaseka. Ahedi sanatembenuke. A Gomesi anamwalira patapita zaka ziwiri, palibe amene anawaitana kudzapereka umboni. Malata a sukulu aja mpaka lero sindidziwa anapita kuti, ndipo sinditchula munthu, chifukwa ndinaona chimene kutchula munthu popanda umboni kumachita.

Ku Leba tinadzapita chaka chachiwiri, ndipo amene ndinawakakamiza ndine, mantha atandithera. Bambo amene tinam'peza anatilandira bwino. Anawerenga kalatayo kawiri, anafunsa ngati a Laitoni anauzidwa mlandu lisanafike tsikulo, ngati anawalola kubweretsa mboni, ngati wina anapita kukaona malatawo. Zonse yankho linali ayi. Anapukusa mutu n'kunena kuti nkhani yawo inali yomveka, koma tachedwa nayo kwambiri, ndipo anafunsa chimene tinkadikira nthawi yonseyi. A Laitoni sanandiyang'ane. Anati miyendo inkawavuta. Pobwerera anandigulira nzimbe pamsika n'kundisendera ndi mpeni wawo.

Moyo unapitirira. Anthu ankabwerabe kudzapangitsa zitseko, ngakhale ena ankayamba awerenga matabwa awo pamaso pawo, zimene kale sankachita. Kutchalitchi anawapempha mwaulemu kuti kiyi ya nyumba ya mipando asunge wina. Pamsika wa Chiringa akumwa mowa anawapatsa dzina. "A Malata! Lero geji yanji?" Iwo ankayankha kuti 32, bwerani mudzagwire, n'kumapitirira. Palibe anabwera. Chilimwe chilichonse ankasanjula malata aja, kuwapukuta, kuwapaka oilo wakutha wa kuchigayo, n'kuwasanjanso. Joyisi anawapempha kangapo kuti awabwezere padenga, ine ndinawapempha chaka chilichonse mitambo ikayamba kuda. Ankati padenga munthu sangafike ndi zala.

Chimene chinasintha kwambiri sindinachizindikire msanga. Mdzukulu wathu anagwa pakhonde n'kuchubuka bondo. Agogo ake anamudzutsa, anamupukuta, anamunyamula, koma sananene kanthu. Ndinayamba kutchera khutu. Pamaliro ankagwira dzanja anamfedwa n'kukhala pansi chete. Munthu akawauza tsoka lake ankavula chipewa n'kumangogwedeza mutu. Chichokere pa tsiku limene Joyisi anawerenga kalata ija, mawu akuti pepani sanatulukenso pakamwa pawo. Anthu ena ankati akalamba ndi mtima wouma. Sunali wouma. Ine ndinkawaona milomo ikuyamba, n'kuitseka.

Ndipo ine, amene ndinali ndi chifukwa chenicheni chowanenera mawu amenewo, sindinawanene. M'nyumba mwathu anali ngati mpeni wosiyidwa pamphasa, aliyense akuulambalala. Ndinkawaphikira kalongonda, amene ankamukonda ngakhale amatha nkhuni tsiku lonse, ndinkawachapira, ndinkasesa utuchi pansi pa mango. Ndinkaganiza kuti akumva. Ndinkati ndidzanena tsiku limene dzina lawo lidzayere, kuti zonse zithere pamodzi. Anadwala chifuwa masiku asanu ndi anayi okha.

Mwambo woyamba wa maliro unachitikira kwathu kuno abale awo asanawanyamule kupita nawo kwawo. Bokosi linali logula, chivundikiro chake chosakhala bwino mbali imodzi, ndipo ndinadzipeza ndikuganiza kuti akanachichotsa n'kuyambiranso. Ndili m'nyumba ndi amayi anzanga, anthu ankabwera pakhomo kudzagwada. Pepani, mayi. Pepani, mayi. Kenaka panagwada ahedi. Akadali pasukulu pomwepo, tsitsi layamba imvi, ndipo anabwera m'malo mwa sukulu ndi thumba la ufa.

"Pepani, mayi," anatero.

Sindinakonzekere. Mawu anangotuluka.

"Mwati pepani, ahedi?"

"Eya, mayi. Pepani kwambiri."

"Kawiri tsopano. Joyisi, tenga pensulo ya abambo ako. Tilembe kuti avomera?"

 Amayi amene ankatsogolera nyimbo anasiyira pakati. Ahedi anayang'ana pansi, monga a Laitoni anayang'anira pansi mu ofesi mwawo, ndipo ndikhulupirira kuti anakumbukira. Ine sindikanatha kutuluka m'nyumba ya maliro, ndiye Joyisi anadzuka n'kuwauza kuti amutsatire kuseri.

Joyisi akuti anachotsa miyala n'kuwauza kuti agwire. Ahedi anagwira ngodya, inapindika. Anagogoda ndi chala. Anaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akuwayang'ana kuchokera pansi pa mango.

"Ndi opyapyala," anatero.

"Anali opyapyala zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo," anayankha Joyisi. Anawapempha kuti alembe zimenezo papepala, m'Chichewa, kuti ziwerengedwe m'tchalitchi. Ahedi anati akakambirana ndi komiti. Mwezi watha, pepala silinabwere. Mwina libwera. Woliyembekezera uja wagona kwawo, kuseri kwa phiri.

Pansi pa mango benchi lawo lilipo, mbali imodzi yosalala chifukwa cha mikono yawo. Chitini cha misomali chili pamphanda ya mtengo pamene ankachisiya, ndipo fumbi lalowamo. Pali chitseko cha munthu wina chimene sanachimalize, chotsamira pamtengo, chopanda mahinjesi. Utuchi unatha, nkhuku zafukula pamene unali, koma m'mawa ndimasesapobe. Belu la 10 koloko limamveka monga kale.

Achimwene abwera dzulo. Akuti tsopano palibe choletsa, apeza anthu abwezere malata padenga mvula isanayambe. Ndawauza kuti ayi. Ndagula pepala lina la pulasitiki, ndipo udzu ndamweta kale.

Kalata ija ili m'Baibulo momwe ankaisunga. Malata ali kuseri kwa nyumba, khumi ndi awiri, ndawapaka oilo sabata yatha. Pamene ndinkaika miyala ndinanena mawu aja akuti pepani, mokweza, kamodzi, ndipo anga ndi a munthu wolakwa. Aliyense wobwera kudzandipepesa ndimamulandira, ndimam'patsa madzi, kenaka ndimapita naye kuseri n'kumuuza kuti agwire.